Sikuta Yodya Malamba

A Lemet analowa m'galaja osakutumula n'komwe chipale chofewa kunsapato, n'kuponya lamba wa sikuta patebulo pamene mwana wawo Sunna ankamwera khofi. Lambayo ankanunkha ngati tayala lopsa.

"Winanso uyo," anatero. "Chinthu chatsopanochi chikudya malamba ngati nyama yofutsa. Ndachisiya panjapo, ukachifunse wekha chimene chikufuna."

"Nanga mwafika nacho bwanji kuno, Bambo?"

"Ndaikamo wapadera uja. Ukuyesa ndachibereka kumsana?"

Sunna anali mayi wa zaka zopitirira makumi anayi, ndipo pakati pa mabanja oweta mphalapala za kuchipale, zija za nyanga zanthambi, pamodzi ndi a Lemet, iye ndiye anali ndi dzanja la mainjini. Amuna ankadziwa kutukwana sikuta, njinga yamoto yotsetsereka pachipale, ikafa panjira, Sunna ankadziwa kuidzutsa. Ya bambo akeyi inali yatsopano ndithu, mpando wake ukadali kununkha sitolo. Anaigula mu Febuluwale, yakale ija itafa imfa yoti ngakhale Sunnayo anangopukusa mutu. Ndiye uyu anali lamba wachitatu, pamene sikuta yabwinobwino imatha nyengo yonse yachisanu ndi lamba mmodzi.

Nkhani ya lamba ikanakhala yaing'ono chikhala kuti sikunali kumapeto kwa Epulo. Mphalapala zazikazi zinali ndi bere, ndipo zinali zitayamba kale kuima mphuno zitaloza kumpoto. Pasanathe masiku ambiri gulu lonse linkayenera kuchoka kumtunda kuno kupita kumapiri a kugombe la nyanja, zisanayambe kuswa, komanso madzi oundana a pamtsinje waukulu asanawole. Paulendowu pamakhala munthu mmodzi wotsogola. Iyeyo ndiye amasankha powolokera, ndipo ziweto, anthu ndi zileyi zawo, onse amangodutsa mmene iye wadutsa. Kuyambira Sunna asanabadwe, wotsogolayo anali a Lemet.

Chaka chino Duomma, mchimwene wake wa Sunna, ankafuna kuti bambo apite pamsewu, pagalimoto yonyamula katundu imene mkazi wake Ravdna amayendetsa. Koma kwathu kuno munthu wamkulu sauzidwa chochita. Ukakhala ndi mawu umauza mbaula kapena windo, mwiniwakeyo n'kumamva ali pomwepo. Ndiye Duomma ankauza denga.

"Munthu womaliza malamba pabwalo pomwe," ankatero maso ali m'mwamba, "kaya pakati pa mtsinje zidzakhala bwanji."

Choncho lamba anasanduka mlandu. Ikapezeka yolakwa ndi sikuta, a Lemet atsogola ngati kale. Likapezeka lolakwa ndi dzanja lawo, ndiye kuti ulendo wawo ndi wapamsewu. Sunna ankafuna ndi mtima wonse kuti yolakwa ikhale sikuta, ndipo makanika wofuna chinthu chotere saona bwino.

Sunna anaikokera m'galaja masana omwewo n'kuchotsa chivundikiro cha kumanzere. Duomma anabwera ndi kapu yake n'kukhala pampando wa sikuta ina, mwendo pamwamba pa unzake, ngati munthu wodzaonera mpira.

Sikuta ili ndi makilachi awiri, ina pa injini, ina kumbuyo kwake pang'ono, ndipo lamba amazungulira onse awiriwo. Kilachi iliyonse ndi mbale ziwiri zachitsulo zoyang'anizana. Injini ikamangolira yokha, mbale za kutsogolo zimakhala zitatalikirana ndipo lamba amangokhala phee. Ukakanikiza kachitsulo ka moto ndi chala chachikulu, mbalezo zimapana lamba, sikuta n'kunyamuka. Nzeru yake ndi yomweyo basi. Koma makilachi awiriwo ayenera kukhala pamzere umodzi, chifukwa ina ikapendekera, lamba amayenda chammbali n'kumadyeka.

Ndipo lamba wakufa sabisa chimene chamupha. Akadyeka mbali imodzi, ulusi uli panja, ndiye kuti makilachi asemphana, mlandu ndi wa makina. Koma akakhala ndi malo owala ngati galasi, pena pokumbika ngati wina analumapo, ndiye kuti mbale zinkangomukhula osamugwira zenizeni. Zimenezo amachititsa ndi woyendetsa, munthu wokanikiza moto mwamantha, wokwawa, woti kunyamuka sakunyamuka, kuima sakuima. Sunna anatembenuza lamba wa bambo ake m'manja. Mbali zonse ziwiri zinali zofanana, ulusi sunatuluke paliponse. Panali powala, ndipo chala chake chinagwera m'kadzenje. Anamuika pashelefu msangamsanga, kadzenjeko kataloza kukhoma.

"Akuti chiyani lambayo, chemwali?" anafunsa Duomma.

"Akuti anthu ena alibe ntchito."

"Ntchito ndili nayo ine. Ndikuyang'anira makanika."

"Ndiye gwirani tochi, bwana woyang'anira. Munike apa, osati kumaso kwanga."

Anayamba ndi zophweka. Analowetsa chitsulo chachitali pansi pa injini n'kuigwedeza, kuti aone ngati malabala amene imakhalirapo afooka. Injini sinasunthe. Anayesa bauti iliyonse ndi sipanala, zonse zinali zolimba. Anaona buleki ngati ikugwira yokha, sinkagwira. Anakweza kumbuyo kwa sikuta pachipika n'kuzungulitsa ndi manja chilabala cha mano cha pansi pake chopalasa chipale, chinayenda mosavuta ngati chodzozedwa batala. Chilichonse chimene ankachigwira chinali bwino, ndipo chilichonse chabwinocho chinkamuwonjezera ukali.

Anaimbira foni kusitolo kumene anaigula. Anayankha bambo wina wolankhula ngati akutafuna, ndipo atamva nkhani yonse anafunsa funso limodzi lokha.

"Amayendetsa ndani, mayi? Chifukwa zoterezi kawirikawiri..."

"Amayendetsa munthu amene anayamba kukwera sikuta inu musanasiye kuyamwa," anatero Sunna, n'kudula foni.

Duomma anaseka mpaka khofi anamutuluka m'mphuno.

Pomaliza Sunna anatulutsa chitsulo chake choyezera, chowongoka ngati rula, chimene amachisunga chokulunga m'nsanza yakeyake ndipo sabwereketsa munthu. Anatsegula mbale za kilachi yakumbuyo, anachilowetsa pakati, n'kuyeza mpata wotsala pa kilachi yakutsogolo. Anayeza kachiwiri. Panali kusiyana pang'ono, kochepa ngati kukhuthala kwa chikhadabo.

"Ndaipeza!" anafuula. "Taonani apa. Yapendekera."

Duomma anagwada, anatsinzina diso limodzi, anasuzumira. "Kameneka? Kameneka ndiye kodya malamba atatu?"

"Mwayamba liti kudziwa makilachi, achimwene? Inu mumadziwa pothira petulo pokha, ndipo naponso theka mumathira pansapato."

Kunena zoona, sikuta zambiri zimatuluka kufakitale ndi kakupendekera kotero ndipo zimakalamba nako osadandaula. Sunna ankadziwa zimenezo kuposa wina aliyense m'galajamo. Koma anali atapeza wopalamula, ndipo sanafune kumufunsa mafunso ambiri. Anamasula kilachi yakumbuyo, anaikapo kawashala, kachitsulo kopyapyala kobooka pakati, anamanga, anayezanso, mzere unangoti nde. Anakatenga chotsukira mapoto kukhitchini kwa Ravdna osapempha, n'kukwecha mbale zonse zinayi mpaka zakuda zonse za labala zitachoka. Lamba watsopano anamutsuka m'madzi ofunda a sopo, poti amabwera ndi mafuta a kufakitale, anamuyanika pafupi ndi mbaula, n'kumuika kamuvi kojambulidwa pamsana pake kataloza kutsogolo.

M'mawa mwake anamangirira chileyi chodzaza nkhuni n'kupita kukaiyesa yekha. Anakwera nayo phiri, anatsika, anadutsa dambo lonse moto uli wonse. Pobwera anavula golovesi n'kugwira kilachi. Inali yofunda chabe, ngati buledi wophikidwa m'mawa.

"Inali sikuta," anauza Duomma, mokweza kuti bambo ake amve, poti anali pakhonde akusenga nyama youma. "Makilachi anasemphana. Yatha nkhani."

"Wanena ndiwe mwini zitsulo," anatero Duomma.

A Lemet sanakweze mutu. Anangodula kanyama konona n'kumupatsa Sunna pansonga ya mpeni, ndipo Sunna anakadya akumva kukoma kwa munthu wopambana mlandu.

Tsiku lotsatira kunacha koyera. Mitambo inatsika n'kufanana ndi chipale, moti panalibe mthunzi, ndipo sukanadziwa pamene dziko lathera ndi pamene thambo layambira. A Lemet ananyamuka m'mamawa kukaona ziweto. Sunna anatsatira chakumasana ndi zigubu za petulo zokasiya kumsasa. Atafika pamwamba pa chitunda anaima kuti aone kumene gulu lafika, n'kutulutsa magalasi oonera patali.

Ziwetozo sanaziyang'ane n'komwe. Kumunsi m'dambo bambo ake anali akadali panjira, ulendo woti akanakhala atafika kalekale. Sikuta inkakwawa. Patsogolo pake pang'ono pankathamanga Muste, galu wawo wakuda, kuthamanga kwa galu wosafulumira. Galu akakhotera kumanja, sikuta inkakhotera kumanja. Galu anaima kuti akodze pachitsamba, sikuta inaima n'kumudikira. Kenako panauluka nkhwali zoyera, Muste anaiwala udindo n'kuzilondola, ndipo a Lemet, munthu wokulira m'dambo lomwelo, anakhota nawonso n'kuzungulira chopanda pake mpaka galuyo anakumbukira njira.

Sunna anaseka. Zinali zoseketsa ndithu, mkulu wa gulu lonse kusaka nkhwali pasikuta yatsopano. Koma kusekako sikunakhalitse. M'dziko lonse loyeralo chinthu chakuda chinali chimodzi chokha, ndipo bambo ake ankayenda liwiro la galu chifukwa galuyo ndiye yekha ankamuona. Anachita mantha, mantha enieni. Kenako anachita manyazi pokumbukira mmene anafuulira dzulo lake kuti nkhani yatha.

Anatsika chitundacho. Fungo la labala linamuchingamira asanafike n'komwe. Anaima pambali pawo n'kuzimitsa injini, ndipo a Lemet anatembenuka n'kumuyang'ana kumaso.

"Duomma, wabwera nayo petulo?"

"Ndine, Bambo."

"Ndikudziwa kuti ndiwe. Lilime laterereka."

Palibe nkhani imene imakambidwa kwathu kuno moto usanayake. Sunna anathyola nthambi zouma, anayala chikopa pachipale, anasungunula chipale china m'ketulo. Atamwa kapu yoyamba, anadzuka n'kutsegula chivundikiro cha sikuta. Analavulira pa kilachi, malovu anauma nthawi yomweyo. Anadikira kuti izizire, anachotsa lamba, n'kukamuika pamiyendo pa bambo ake.

A Lemet anavula magolovesi. Zala zimenezo zinkadziwa chizindikiro cha banja lililonse pakhutu la mphalapala ngakhale mumdima, ndiye kadzenje ka palamba sizikanakaphonya. Zinayenda kuzungulira, zinaima, zinabwereranso pomwepo.

"Lamba wa dzulo uyu," anatero.

"Wa dzulo."

"Makilachi ali pamzere?"

"Ali pamzere. Ngakhale kale anali pamzere. Ine ndimangofuna."

A Lemet anagwedeza mutu. Anakhala kanthawi akuotha, kenako anayamba kuuza ketulo.

"Zinayamba miyezi ya mdima ija, pamene dzuwa silituluka. Ndinkati ndi mdimawo. Ndinati dzuwa likabwerera zichoka. Dzuwa linabwerera, koma utsi wake sunachoke m'maso muno. Kukakhala mthunzi ndimaona ndithu, sindine wakhungu ine. Koma tsiku ngati lero ndimaona Muste basi." Anasisita lamba uja ndi chala. "Yakale ija inkandimvetsa. Inali yotha ngati ine ndemwe, umangoikhudza iyo n'kuyamba kuyenda. Iyi ikufuna mnyamata."

"Kuchipatala munapitako?"

"Kukatani? Kuti akandiuze zimene Muste akudziwa kale?"

Galuyo atamva dzina lake anabwera n'kugona pakati pawo. A Lemet anamwa khofi, anatsokomola, n'kulankhula mwachisawawa ngati nkhani yangowabwerera kumene.

"Zimakonzeka izi. Ndinamva kuti mumasintha kasipuling'i m'kilachimo, mbale n'kumagwira msanga. Munthu n'kumayenda pang'onopang'ono tsiku lonse lamba osapsa. Si choncho?"

Zinali choncho. Kasipuling'i kameneko Sunna anali nako m'bokosi kunyumba, ndipo ntchito yake inali yoti munthu amaimaliza mphika usanawire. Akangokaika, malamba aleka kupsa, Duomma asowa chouza denga, bambo ake atsogola. Koma Sunna ankaudziwa mtsinje waukulu mmene umakhalira kumapeto kwa Epulo. Pamwamba pamakhala poyera bwinobwino, koma pena ndi pena pamatuwa pang'ono, pamene madzi adya kale kunsi. Kutuwa kumeneko kumaoneka ndi maso okha, ndipo munthu wokwawa akafikapo sachokapo.

"Mtsinje ndimaumva ndi makutu," anapitiriza a Lemet, ngati amva zimene ankaganiza. "Ndi mphepo kumasaya. Ndiponso Muste saponda pamadzi."

"Iwe Muste," anatero Sunna akukanda galuyo kukhosi, "iwe ndiwe wopepuka ngati chipewa. Iwe uwoloka bwinobwino pamalo poti sikuta ndi chileyi zimira. Ndiye ukakafika kutsidya wekha, udzatiuza chiyani ife obwera kumbuyo ndi ziweto?"

"Ndafunsa iwe, sindinafunse galu. Ungathe kapena sungathe?"

"Ndingathe."

Anatero n'kuthira khofi wina m'makapu onse awiri, n'kukhala pansi bwinobwino, miyendo atapinda. A Lemet anadikira. Moto unanyeka mpaka kufuna nkhuni zina, Sunna anaika nkhunizo n'kukhalanso. Munthu wakwathu akati ndingathe n'kukhalabe pansi ndiye kuti wayankha, ndipo a Lemet anamva. Chibadwire Sunna anali asanawakanizepo kanthu bambo ake, ndipo zinkamupweteka ngati wawamenya ndi dzanja lake.

"Mutu wa amako," anatero pomaliza, n'kukhuthulira khofi pamoto. Anali okwiya. "Nawonso ankakana atakhala pansi choncho. Bwezera lambayo tizipita. Galu akwere pachileyi. Tsogola iweyo, uyatse nyali yakumbuyo, ndipo usandiyendere ngati ukuperekeza maliro."

Sunna anatsogola. Poyamba ankachita mantha, koma atacheuka anapeza bambo ake ali pamsana pake penipeni, akumukupiza ndi dzanja kuti awonjezere. Anawonjezera. Anadutsa dambo lonse chipale chikufuka kumbuyo, anakwera chitunda osachepetsa moto, ndipo pamwamba pa kulira kwa mainjini awiri anamva a Lemet akukuwa, kukuwa kuja kothamangitsira ziweto. Sikunali kukuwa kwa ukali. Mkuluyo anali atatha miyezi akukwawa, ndipo tsopano ankasangalala ngati mwana.

Atafika pabwalo Sunna anatsegula chivundikiro n'kugwira kilachi. Inali yofunda chabe.

"Munthu atha kuyenda choncho ulendo wonse," anauza chivundikirocho. "Kumbuyo kwa nyali ya mnzake."

"Kumbuyo kumayenda akamwini ndi alendo ojambula zithunzi," anatero a Lemet, n'kulowa m'nyumba.

Sunna sanaumirize. Munthu amene watsogola moyo wake wonse sangayende atamatirira kunyali ya mwana wake mabanja onse akuona. Dzuwa lisanafike pamutu aliyense akanadziwa chifukwa chake, ndipo akanayamba kumulankhula mofatsa, zimene a Lemet ankaziopa kuposa mtsinje.

Madzulo anadya onse kwa Duomma, msuzi wa nyama ndi mbatatesi. Ali pakati pa kudya a Lemet anagogoda patebulo ndi supuni.

"Sikuta ija ndi yowola," anatero. "Yadyanso lamba lero. Ndiikweza pangolo ya galimoto ndikawaponyere eni sitolo kutauni ku Alta, ndikawauze mawu awiri atatu pamaso. Za pafoni ayi, pafoni munthu amabisala. Ravdna, ngolo yako ili ndi malo?"

"Malo alipo, apongozi," anatero Ravdna. "Mwinanso kumeneko ndikagula chotsukira mapoto, poti changa chinamera miyendo."

Duomma anaika supuni pansi n'kuyang'ana mlongo wake. "Si unati wakonza iwe? Si unati yatha nkhani?"

Panalibe injini imene inamukanikapo Sunna, ndipo ankadziwa kuti pofika mawa mabanja onse akhala akumuseka kuti wagonja ndi chinthu chongotuluka kumene m'sitolo. Amuna aja otukwana sikuta akanaisunga nkhani imeneyi zaka ndi zaka.

"Yandikanika," anatero.

Duomma anatsegula pakamwa kuti aseke. Koma anaona nkhope ya Sunna, kenako anaona bambo ake akufufuza mchere ndi dzanja patebulo, mcherewo uli patsogolo pawo penipeni. Anatseka pakamwa. Anakankhira mcherewo pang'onopang'ono mpaka unakhudza zala zawo.

"Zatsopanozi n'zachabechabe," anatero. "Mukawakalipire zenizeni, Bambo."

"Undiphunzitsa kukalipa iwe?"

A Lemet anathira mchere, anadya, kenako anatembenukira kumbaula.

"Wotsogola chaka chino, kaya ndani, asawolokere pamwala wong'ambika paja. Chisanu cha chaka chino chinali chaulesi, pamenepo madzi adya kale. Akwere mpaka pamene mitengo yathera, awoloke m'mawa chipale chikadali cholimba, ndipo akayamba asaime pakati kumayang'ana kumbuyo. Zakumbuyo ndi za Duomma." Anapukuta pakamwa. "Muste akagone kwa Sunna lero."

Onse anamva kuti wotsogola ndi Sunna. Duomma anangogwedeza mutu n'kuwonjezera msuzi, ndipo ankaoneka ngati munthu wotula katundu, chifukwa iye kutsogolo sankakufuna. Ankangoopa basi, ndipo ankaopa kalekale.

Tsiku lonyamuka kunacha koyeranso. Sikuta yatsopano inali itamangidwa pangolo, ikunyezimira pakati pa mahema ndi matumba. Ravdna analiza galimoto, a Lemet anakhala pambali pake chipewa chili pamaondo. Galimoto itangoyamba kuyenda, Muste anapulumuka m'manja mwa Sunna, anaidutsa, n'kukaima patsogolo pake. Anayamba kuthamanga pang'onopang'ono pakati pa msewu, akucheuka kuti aone ngati akumutsatira. Ravdna analiza hutala, galu osapatuka. Anayesa kumulambalala, galu n'kukhotera komweko.

A Lemet anatsika. Anamuitana, ndipo galuyo anabwera akugwedeza mchira. Anawerama n'kumugwira mutu ndi manja onse awiri kwa kanthawi. Kenako anaweramuka n'kumukalipira ndi mawu aja othamangitsira galu wakuba nyama. Muste sanamvetse, anangokhala pansi n'kuwayang'ana. A Lemet anafufuza pansi, anatola chibuma cha chipale cholimba, n'kumugenda. Anaphonya kutali. Koma galuyo anamva, anapinda mchira n'kubwerera kwa Sunna mutu uli pansi. Sunna anagwada n'kumugwira pakhosi. Misozi inkamuundana m'zikope, ndipo sanaipukute chifukwa manja onse anali pagalu.

"Wamugwira?" anafuula a Lemet.

"Ndamugwira, Bambo!"

Mphepo inamwaza mawu akewo. A Lemet anakweza dzanja kutsazika. Sunna anali atavala jekete yofiira m'mawa umenewo, koma dzanjalo linaloza kumbali, kumene kunali mgolo wofiira wa petulo pafupi ndi galaja. Anaukwezera dzanja mgolowo nthawi yaitali, akumwetulira. Sunna anakoka galu n'kuyenda msangamsanga mpaka anakaima patsogolo pa mgolowo, ndipo anakweza dzanja nayenso.